Anasowa Womutcha Daft

Maureen Haigh anamwalira chisanu chili pakati, ndipo kuyambira tsiku la maliro ake anthu a ku Skelroyd anayamba kumulemekeza mwamuna wake.

Sikuti kale ankamunyoza ayi. Clifford anali munthu wolongosoka. Anagwira ntchito mumgodi wa malasha mpaka pomwe mgodiwo anautseka, Lamulungu sankajomba ku tchalitchi, ndipo ankaweta nkhunda za mpikisano ku timadimba ta kuseri kwa njanji, monga ankachitira bambo ake. Koma kwathu kuno munthu amene timamukonda sitimuunjikira ulemu. Ulemu timasungira alendo, adokotala, ndi anthu amene taona kuti sachira. Wathuwathu timamutcha daft.

Ndi kaliwu kochepa. Mphunzitsi angakuuzeni kuti daft ndi chitsiru, ndipo sananame. Koma si chitsiru chomwe umachilambalala panjira. Ndi uja amatuluka mvula ikugwa chipewa atachisiya pamsomali, uja amathira shuga kawiri mu tiyi chifukwa waiwala kuti wathira kale. Munthu wosamudziwa sungamutche choncho, ingabuke ndewu. Kuti liwuli likhale bwino pakamwa pako, uyenera kukhala kuti munthuyo wamuona akuphonya kwa zaka zambiri, ndipo sunamuchokere.

Maureen ankalinena tsiku ndi tsiku ngati mmene ena amaperekera moni. Clifford akalowa kukhitchini ndi nsapato zamatope, akamafunafuna magalasi ali nawo pamphuno, akachedwa kukhola chifukwa kankhunda kena sikakudya bwino, liwu linali lomwelo. "Daft iwe, bwera udye, zakudya zikuzizira," ankatero, ngakhale mbaleyo anali ataiika kale mu uvuni kuti isazizire.

Patapita masabata angapo chichitikireni maliro, Clifford analowa kukhitchini ndi nsapato zamatope, anafika mpaka pasinki, n'kuima. Palibe ananena kanthu. Anatenga chikolopa n'kukolopa yekha.

Anthu anamuchitira zabwino, zimenezo tisabise. Mayi Oldroyd a nyumba yoyandikana ankasiya kapoto ka nyama ndi mbatatesi pakhomo pake, n'kugogoda kamodzi, n'kuchoka iye asanatsegule. Wina, yemwe Clifford sanamudziwe mpaka lero, ankamutulutsira bini tsiku lomwe galimoto ya zinyalala imabwera. Mayi wa m'sitolo ankamusungira buledi wamng'ono, atazindikira kuti wamkulu akuchita chuku asanamumalize. Madzulo aliwonse Clifford ankagwada pambali pa bedi, mawondo akulira, n'kuwatchula anthuwa mmodzimmodzi pamaso pa Mulungu, ndi wa bini uja yemwe, ngakhale analibe dzina lomutchulira. Ankathokoza kuchokera pansi pa mtima. Koma akadzuka pamenepo nyumba inali zii, ndipo kunja nako kunali zii wa mtundu wina: anthu akamuona ankatsitsa mawu ngati alowa m'chipatala.

Chomwe chinkamupweteka koposa chinali cha Len Sugden.

Khola la Len linayandikana ndi lake, pakati pali mpanda wa matabwa ofumbwa. Anakulira limodzi, analowa mumgodi chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo sanauzanepo mawu abwino. Len ankati nkhunda za Clifford zimabwerera kwawo wapansi, zikufunsa njira. Clifford ankati za Len zimafulumira chifukwa cha njala, poti mwini wake amawerenga chimanga chimodzichimodzi. Moni wawo wa m'mawa unali woti, "Ukadali moyo?" Ndipo winayo ankati, "Ndikudikira ndidye za pamaliro ako kaye."

Moni umenewo unatha. Tsopano Len ankasuzumira pampanda, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Wadzuka bwanji, Clifford?" Dzina lonse, ngati akuliwerenga pa envulopu. Ndipo Clifford ankayankha kuti, "Ndadzuka bwino, zikomo, Leonard," poti munthu akakupatsa ulemu umabweza ulemu. Kenako aliyense ankalowa m'khola mwake n'kumapala zitosi.

Kunja kutayamba kufunda, nyengo ya mipikisano inafika. Lachisanu madzulo aliyense amabwera ndi nkhunda zake m'dengu ku kalabu, chipinda cha kuseri kwa bala. Kumeneko nkhunda iliyonse amaiveka kamphete ka mphira kumwendo, n'kuzikweza zonse pa lole yopita kummwera, komwe amakazitulutsa Loweruka m'mawa. Lachisanu lina Clifford anafika, anaima pamzere, anaika dengu lake patebulo. A Stanley Firth, mlembi wa kalabu, anatsegula kachitseko, analowetsa dzanja, anapapasa. Anapapasanso. Munali utuchi wokhawokha. Clifford anali atanyamula dengu lopanda nkhunda mtunda wonsewo osazindikira kupepuka kwake.

Anaima chilili, makutu akutentha. Koma pansi pa manyaziwo panali kena kake konga chiyembekezo. Chinthu chotere ku Skelroyd ndi chuma. Bambo wina anaiwalapo mano ake oikirira m'basi kalekale, ndipo mpaka pano adzukulu ake amafunsidwabe ngati manowo anafika bwino ku Leeds. Clifford anadikira. Anaona pakamwa pa Len pakugwedera, anaona liwu lija likubwera.

"Zimachitika," anatero Len, akuyang'ana pansi. "Tiye tikazitenge pa galimoto yanga, nthawi ikadalipo."

"Zimachitikadi," anatero a Firth, n'kutseka kachitseko pang'onopang'ono ngati m'dengumo mwagona khanda.

Palibe anaseka. Wina anakhosomola. M'galimoto Len anakamba za mvula, ndipo potsika Clifford anathokoza.

Gillian, mwana wake mmodzi yekhayo, ankakhala kummwera, kufupi ndi Reading, ndi mwamuna wake ndi ana awo. Ankaimba foni Lamulungu lililonse masana. Nkhani ya dengu inamupeza, kaya inadzera mwa ndani.

"Ababa, chipinda chilipo, tachipenta kale. Mukhalirenji nokhanokha kumeneko?"

"Nanga nkhunda?"

"Kuno salola, mukudziwa. A Sugden angazitenge. Kodi masiku ano mumacheza ndi ndani?"

"Anthu akundisamala bwino," anatero Clifford, ndipo zinali zoona.

"Sindinafunse zimenezo, ababa."

"Udikire udutse mpikisano wa ku France. Ndidzakuyankha."

Ataika foni pansi anadziwa kuti ngati zinthu zikhalabe chonchi, apita. Kukhala mlendo kwa eni ake n'kopiririka, chifukwa umadziwa kuti ndiwedi mlendo. Koma kukhala mlendo mumsewu womwe unabadwiramo, kulandiridwa mwaulemu ndi munthu yemwe munkamwa naye tiyi wa m'botolo limodzi pansi pa nthaka, zimenezo sankaona kuti angazipirire chisanu china.

Mpikisano wa ku France ndiwo waukulu pa chaka. Nkhunda amakazitulutsa kutsidya kwa nyanja m'bandakucha, ndipo zimauluka tsiku lonse. Ambiri amatumiza imodzi kapena ziwiri zomwe amazidalira. Clifford anatumiza nkhunda yaikazi yotuwa, yokalamba, yomwe Maureen anaitcha Gladys, dzina la mkulu wake, chifukwa onse awiri ankafika mochedwa koma osalephera kufika. Sanayembekezere kanthu. Aliyense ankadziwa kuti chikho n'cha nkhunda yaimuna yofiira ya Len, yomwe inachitenganso chaka chatha.

Loweruka kunacha bwino, kamphepo kakuchokera kummwera. Pofika masana amuna onse anali atakhala pamipando kutsogolo kwa makola awo, chitini cha chimanga pamwendo, wotchi pambali, maso kumwamba. Wotchiyo ndi kabokosi kokhomedwa. Nkhunda ikatera umaikopa ndi chitini kuti ilowe m'khola, umaigwira, umavula kamphete kaja n'kukaponya m'kabokosimo, n'kupotoza chogwirira kuti kadinde nthawi. Nkhunda ifike msanga bwanji, ngati mwini wake sanadinde, ndiye kuti sinafike. N'chifukwa chake amuna odandaula mawondo sabata yonse amathamanga ngati anyamata akangoona mapiko.

Dzuwa litapendeka, Clifford anamva kukupiza. Anasuzumira pampata wa thabwa lothyoka, ndipo anaiona: yofiira ija, itatera padenga la khola la Len, chifuwa chikukwera n'kutsika, mapiko atalendewera ndi kutopa.

Anadikira kumva chitini, kumva mpando ukugwa, kumva Len akuitukwana mwachikondi monga ankachitira. Sanamve kanthu. Len anali pampando pake, kapu ya tiyi m'manja, akuyang'ana kumwamba, kumbali ina. Nkhundayo inayendayenda padenga. Inatsikira pathabwa lolowera, inayang'ana mbuye wake ndi diso limodzi, kenako ndi linalo. Len anakweza kapu n'kumwa. Pamapeto pake nkhunda inalowa yokha kukafuna madzi.

Clifford anatsala pang'ono kumuitana, poganiza kuti mwina maso a mnzake ayamba kufooka. Koma anaona ina ikutera kwa a Firth, chakumunsi kwa mzere, ndipo nakonso kunali zii. Ina inatsika kumapeto kwenikweni, pafupi ndi njanji. Zii. Timadimba tonse tinali chete ngati nthawi ya pemphero.

Gladys inafika nthawi yake. Inazungulira kamodzi, inatera pathabwa, inalowa mosafulumira. Manja a Clifford anachita zomwe anazolowera mutu usanaganize: anaigwira, anavula kamphete, anaponya, anapotoza. Wotchi inadinda.

Nthawi yomweyo kuseri kwa mpanda chitini chinayamba kulira. "Bwera, bwera, mwana wanga," Len anafuula, akuitana nkhunda yomwe inali itamwa kale madzi n'kukhala pachisa. Kenako chitini cha a Firth. Kenako china, ndi china, mpaka mzere wonse unadzaza phokoso la chimanga m'zitini ndi mapazi a amuna othamangira nkhunda zofika kalekale.

Clifford anakhala pathumba la chimanga m'khola mwake, Gladys ili m'manja, kamtima kake kakugunda pazala zake. Nkhaniyo anaiona bwinobwino. Anzake aja anakumana, mwina ku bala tsiku lina iye kulibe, n'kupangana kuti amusiyire mpikisano. Anachita chifukwa chomukonda. Zimenezo sanakayike, ndipo n'zimene zinamulemera kwambiri. Kwathu kuno munthu amakupatsa chakudya chake, malasha ake, ngakhale jekete lomwe wavala, koma mpikisano sakupatsa, pokhapokha ataona kuti ndi wako womaliza. Zinali ngati amuikira nkhata ya maluwa akadali moyo.

Anayesa kupemphera. Mawu sanabwere. Anangoti, "Ambuye, mwaona." Kenako anaipatsa Gladys madzi ndi chakudya chofewa, poti iyo inalibe mlandu. Anatsimikiza mtima kuti apita ku kalabu, akalandira chikhocho, akathokoza mwaulemu, ndipo mawa lake amuuza Gillian kuti akubwera.

Mawotchi anatsegulidwa madzulo a tsiku lomwelo, kunja kukadali kowala, poti nyengo imeneyi dzuwa limachedwa kulowa. A Firth anawerengera, anavula magalasi, anawavalanso, n'kulengeza ndi mawu a pamaliro kuti yoyamba ndi nkhunda ya a Clifford Haigh. Anthu anaomba m'manja mofatsa. Wina anamusisita paphewa. Chikho anachikankhira patsogolo pake, chitapukutidwa mpaka kuwala.

Clifford anaimirira. "Zikomo" inali kale palilime. Anayang'ana Len, yemwe anali pakona akuzunguza tambula ya mowa patebulo. Koma chomwe chinamubwerera m'maso chinali nkhunda yofiira ija, itaima pathabwa, mapiko ali lende, ikudikira munthu yemwe sanadzuke. Mkwiyo unamukwera, woyamba chimwalirireni Maureen.

"Len Sugden," anatero. "Yofiira ija inakhala padenga pako nthawi yokwana kumanga chisa, kuikira mazira n'kuswa."

"Sindinaione."

"Sunaione."

"Dzuwa linali m'maso."

"Dzuwa linali kuseri kwa khola. Nkhunda yawoloka nyanja, yauluka tsiku lathunthu popanda dontho la madzi, kuti idzapeze mbuye wake akumwa tiyi. Inakulakwira chiyani? Ine zitsiru ndazionapo, ndagwira nazo ntchito pansi pa nthaka, koma daft ngati iwe sindinamuonepo. Ndi nonsenu. Amuna akuluakulu kumagwedezera zitini nkhunda zogona kale."

A Firth anayang'ana manja awo. Len anafiira kuyambira m'khosi mpaka padazi. Anakankhira tambula pambali, n'kuimirira pang'onopang'ono.

"Ine daft? Akunena ndani? Munthu woyenda mudzi wonse ndi dengu lopanda kanthu, n'kudzaliika patebulo ngati wabwera ndi mfumu? Stanley apa kupapasa, kupapasa, dzanja kulowa mpaka m'chigongono, kufuna nkhunda mu utuchi. Tsiku limenelo ndinadziluma lilime mpaka magazi, Cliff. Nkhani imeneyi ndakhala ndikuyenda nayo pakhosi ngati munga wa nsomba."

"Dengu lija tikanalitumiza ku France," anatero wina kumbuyo, "likanafika Gladys ikadali m'njira."

Mmodzi anaphulika nako kuseka, ndipo chipinda chonse chinatsatira, kuseka kosungidwa kuyambira nthawi ya chisanu. A Firth anachita kuvula magalasi kuti apukute misozi. Wina anakumbutsa za chaka chomwe Clifford anapenta benchi n'kukhalapo yekha, wina za tsiku lomwe anadzitsekera m'khola Maureen n'kumusiya momwemo mpaka atamaliza kuchapa. Clifford sanaseke kwenikweni. Anangokhala pansi, n'kumamvetsera akumunyoza uku ndi uku, ngati munthu yemwe wachokera pamvula n'kulowa m'nyumba yofunda.

"Chikhochi mupatseni mwini wake," anatero Clifford phokoso litachepa.

"Sizingatheke," anatero a Firth. "Wotchi ikadinda, yadinda. Dzina lako lilembedwa pamenepo, ndipo aliyense wobwera m'mbuyo mwathu adzafunsa kuti zinatheka bwanji."

"Ndipo tidzamuuza," anatero Len.

Anabwerera limodzi, Clifford atapanira chikho m'khwapa. Anayenda mpaka pamlatho wa njanji, pomwe njira zawo zimasiyanirana. Len anaima, akuyang'ana pansi pomwe pamadutsa sitima.

"Sindinkadziwa chonena," anatero. "Ndikati ndikunyoze, ndinkaona Maureen. Ndinkaopa ungasweke."

"Kusweka ndinasweka kale, Len. Panalibe choti iwe ungawonjezere."

Len anagwedeza mutu. Anatulutsa mpango, anamina, anaubwezera m'thumba. "Akuti Gillian akufuna akutenge."

"Akufuna."

"Nkhunda zakozo ine sindingazilandire. Zingaphunzitse zanga ulesi."

"Sindinati ndikupatsa."

Len anatembenuka n'kumapita. Ali chapatali anakweza dzanja, osacheuka.

Atafika kunyumba, Clifford anaimbira Gillian asanavule n'chipewa chomwe.

"Ndikhala konkuno, mwana wanga. Pakadali pano."

"Chachitika n'chiyani?"

"Andinyoza ku kalabu."

Gillian anakulira ku Skelroyd, ngakhale kalankhulidwe kake kanasintha. "Onse?" anafunsa.

"Onse."

"Chabwino, ababa. Koma chipinda chikhalapobe."

Anaika foni pansi. Chikho anachiika patebulo la kukhitchini, pomwe chinaoneka chachikulu ndi chopanda ntchito. Anatembenukira ku chipinda chochezera.

"Maureen, sungakhulupirire zomwe wachita Len lero."

Anaima pakhomo. Kuwala kotsala kwa tsikulo kunali kutagwera pakapeti, ndipo m'chipindamo munalibe munthu. Anaimabe pamenepo kanthawi, dzanja lili pachitseko. Kenako anabwerera kukhitchini, anathira madzi m'ketulo, anatsitsa kapu imodzi, ndipo podikira kuti madzi awire anaifotokoza nkhani yonse motsitsa mawu, kuyambira pomwe yofiira inatera padenga, osadumpha kanthu.